Ulendo wa ku Joni pa galimoto yanuyanu: mafunso ndi mayankho

Disembala akamayandikira, mafunso okhudza ulendo wa pamsewu pakati pa Malawi ndi South Africa amachuluka, ndipo amakhala omwewomwewo. Ena ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndipo akufuna kukaona abale ku Joni. Ena ali ku Joni komweko, agula galimoto ndipo akufuna kukafika nayo kumudzi. Mafunsowo ndawasonkhanitsa pano, kuyambira apafupi mpaka ofuna kufatsa nawo. Mayankhowa ndi a munthu woyendetsa galimoto yaing'ono ya banja, osati thiraki kapena basi.

1. Kodi galimoto wamba ingakafikedi ku Joni?

Imafika bwinobwino. Msewu wonse ndi wa tala, ngakhale kuti malo ena ndi okumbika. Corolla, Sienta kapena Polo yosamalidwa bwino imakwanitsa, simufunika Land Cruiser. Maiko onse a m'njiramo amayendetsa kumanzere ngati kwathu kuno, ndipo nthawi ndi imodzimodzi, wotchi simusintha.

Anthu ambiri amene ulendowu unawavuta, galimoto inalibe mlandu. Chinawagwetsa ndi pepala limodzi lomwe linatsala kunyumba, kapena kuwerengera makilomita okha n'kuiwala maola amene amathera pa boda. Mayankho ambiri m'munsimu akuzungulira pa zinthu ziwirizi.

2. Ndidzere njira iti?

Njira zikuluzikulu ndi ziwiri. Yoyamba ndi ya ku Tete, yomwe mabasi ndi mathiraki amadzera. Wochokera ku Blantyre amatulukira pa Mwanza n'kulowa Mozambique pa Zóbuè. Wochokera ku Lilongwe amatulukira pa Dedza n'kulowa pa Calómuè, kudutsa m'dera la Angónia, ndipo misewu iwiriyi imakumana musanafike ku Moatize. Mukawoloka Zambezi pa Tete mumadzera ku Changara mpaka pa Cuchamano, ndipo tsidya linalo ndi Nyamapanda, ku Zimbabwe. Kuchoka apo ndi Mutoko, Harare, Chivhu, Masvingo, mpaka pa Beitbridge pa mtsinje wa Limpopo. Mukalowa South Africa mumagwira msewu wa N1: Musina, Louis Trichardt, Polokwane, Pretoria, kenako Johannesburg. Kuchokera ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 1,750, ndipo wa ku Lilongwe awonjezerepo 100 kapena kupitirira pang'ono.

Yachiwiri ndi ya ku Zambia ndi Botswana: Mchinji, Chipata, Lusaka, Livingstone, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Kazungula, ndiye Nata, Francistown, Palapye, n'kulowa South Africa pa Martin's Drift, yomwe tsidya linalo imatchedwa Groblersbrug. Imeneyi imayandikira makilomita 2,500 kuchokera ku Lilongwe. Kale pa Kazungula ankawolokera pa pantoni ndipo magalimoto ankagona pamzere, koma mlathowo utatsegulidwa mu Meyi 2021 zinthu zinasintha. Pa Kazungula, monganso pa Mchinji ndi Mwami kuyambira mu 2022, maofesi a maiko awiri ali pamalo amodzi, ndiye mumaima kamodzi kokha.

Palinso njira yosakaniza: Mchinji, Lusaka, Chirundu, Harare, Beitbridge. Ndi ya munthu amene akufuna kulambalala Mozambique yokha.

Ngati masiku ndi ndalama za mafuta zili zoperewera, dzerani ku Tete. Ngati muli ndi ana aang'ono, nthawi ilipo, ndipo ndi ulendo wanu woyamba, ine ndingakulozereni ku Kazungula. Ndi kutali, koma mtima umakhala m'malo, ndipo Chinyanja chimakuperekezani mpaka ku Lusaka.

3. Ndiwerengere masiku angati?

Njira ya ku Tete ipatseni masiku atatu. Kunyamuka ku Blantyre m'bandakucha, mukhoza kukagona ku Harare, koma tsiku limenelo muli ndi maboda awiri, ndiye mukachedwa pa Mwanza ndi bwino kugona pa Tete. Tsiku lachiwiri ndi la Harare mpaka Beitbridge, makilomita pafupifupi 580, kukagona ku Musina ngati boda yakukomerani. Tsiku lachitatu ndi la N1, makilomita pafupifupi 540, ndipo ndi lopepuka kuposa onse.

Ya ku Kazungula imafuna masiku anayi: kugona ku Lusaka, kenako ku Livingstone kapena ku Kasane, kenako ku Francistown kapena ku Palapye.

Mapu a pafoni akakuuzani maola, iwo sanawerengere boda, marodibuloko, mabampu a m'matauni ndi mzere wa mathiraki okwera phiri. Pa boda iliyonse ikanipo maola awiri, ndipo pa Beitbridge nthawi ya Khirisimasi ikanipo theka la tsiku. Mukatuluka msanga, imeneyo ndi mphatso chabe. Amene amadzitama kuti anafika ku Joni m'masiku awiri amakhala atayenda usiku, ndipo za usiku onani funso 14.

4. Kodi pamafunika visa?

Wokhala ndi pasipoti ya Malawi safunika visa pokacheza ku Mozambique, Zimbabwe, Zambia, Botswana ndi South Africa. Chofunika kusamala ndi masiku. South Africa imapereka masiku osapitirira 30, ndipo ofisala akhoza kukulemberani ochepera pamenepo. Musanachoke pa kauntala, tsegulani pasipoti muwerenge tsiku limene walemba pachidindo.

Malamulo a ku South Africa a 2014 ndi owuma pa nkhaniyi. Mukapitiriza masiku anu, potuluka amakulembani kuti ndinu wosafunika m'dzikomo: chaka chimodzi ngati mwapitiriza ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati mwaposa pamenepo. Pasipoti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe ntchito, komanso masamba opanda kanthu okwanira, chifukwa ulendo wopita ndi kubwerera umadya zidindo khumi ndi ziwiri.

5. Nanga ana?

Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake ndi setifiketi yake ya kubadwa yochokera ku NRB. Ngati kholo limodzi latsala, kapena mwanayo ndi wa mchemwali wanu, nyamulani kalata yolumbirira yovomereza ulendowo, yodindidwa ndi loya kapena kukhoti, pamodzi ndi fotokope ya chiphaso cha kholo lotsalalo. Botswana imafunsa zimenezi kwa ana osakwana zaka 18 kuyambira mu 2016. Maiko enawo nthawi zina safunsa, koma tsiku limene afunse inu mulibe, ulendo wathera pomwepo.

6. Mapepala a galimoto ofunika ndi ati?

Blue Book yeniyeni, osati fotokope. COF yosatha masiku mpaka mudzabwerere. Inshuwalansi, yomwe yafotokozedwa pa funso 9. Laisensi yanu yoyendetsera: ya Malawi ndi ya mtundu wa SADC ndipo imavomerezedwa m'maiko onsewa. Kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimoto si yakuba, imene anthu amangoti ya Interpol. Ndipo potuluka, a MRA amakupatsani chilolezo chotulutsira galimoto kwa kanthawi, chomwe mudzachionetse pobwerera kuti asadzayese kuti mukulowetsa galimoto yatsopano.

Kalata ya Interpol musaisiyire sabata yonyamuka. Apolisi amafuna kuiona galimotoyo ndi maso, n'kuyerekeza nambala ya injini ndi ya chassis ndi zimene zili mu Blue Book. Apa ndi pamene ambiri amadzidzimuka: anasinthitsa injini chaka chatha koma ku Road Traffic sanakanene, ndiye manambala sakugwirizana. Zoterezi zimakonzeka muli kwanu. Zikakatulukira pa Nyamapanda, galimoto ikhoza kugwidwa.

Pepala lililonse lijambuleni fotokope katatu, mudinditse kuti ndi zoona, ndipo lijambuleninso pafoni. Enieniwo akhale mufayilo imodzi yomwe simuisiya m'galimoto mukatsika.

7. Galimoto si ya dzina langa. Ndingapite nayo?

Mungapite nayo ngati mwini wake walemba kalata yokulolezani, yotchula dzina lanu, nambala ya pasipoti yanu, nambala ya galimoto, maiko amene mudutse ndi masiku ake. Kalatayo idindidwe ndi loya kapena apolisi, ndipo pakhale fotokope ya chiphaso cha mwiniyo. Ngakhale mwiniyo ali mkazi wanu kapena bambo anu, kalata ikufunikabe. Galimoto ya ngongole ya kubanki imafuna kalata ya bankiyo, ya kampani imafuna kalata ya kampani. Galimoto imene munagula koma simunasinthe umwini, kasintheni kaye.

8. TIP n'chiyani?

Ndi chilolezo chimene a kasitomu a dziko lachilendo amapereka kuti galimoto yanu ilowe kwa kanthawi osalipira msonkho wolowetsera galimoto. Polandira TIP mumakhala mukulonjeza kuti galimotoyo idzatuluka masiku olembedwawo asanathe. Mozambique, Zimbabwe, Zambia ndi Botswana, dziko lililonse lili ndi pepala lakelake. Ku Zimbabwe a kasitomu a ZIMRA amalola kulemberatu pa intaneti musanafike pa boda, ndipo zimafupikitsa nthawi ya pamzere.

Potuluka m'dziko, bwezani TIP pa kauntala ndipo muonetsetse kuti aitseka. Mukangodutsa nayo m'thumba, m'kompyuta mwawo galimotoyo imaoneka ngati ikadali m'dzikomo, ndipo vutolo limadzakupezani pobwerera. Masiku a TIP ndi masiku a pasipoti ndi zinthu ziwiri zosiyana, muziyang'ana zonse.

9. Inshuwalansi yanga ya ku Malawi ikagwira ntchito kunja?

Payokha nthawi zambiri imathera pa boda. Pitani ku kampani yanu mukagule Yellow Card ya COMESA, yomwe imalipirira munthu wina amene mwamuvulaza pangozi. Imagwira ntchito ku Zimbabwe ndi ku Zambia, komanso ku Tanzania ngati tsiku lina mudzalowera ku Songwe. Ku Mozambique mumagula inshuwalansi yawo pa boda, yomwe amaitcha seguro. Ku Botswana mumalipira pa boda ndalama ya msewu pamodzi ndi ya thumba lawo la ngozi za pamsewu.

Ku South Africa pa boda sakugulitsani inshuwalansi. Kumeneko kuli Road Accident Fund, yomwe ndalama zake zimachokera pa mtengo wa mafuta, koma imaona za anthu ovulala ndi omwalira basi. Mukagunda Benz ya munthu ku Pretoria, kukonzetsa kuli pa inu. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti mupemphe kampani yanu ikuwonjezereni maiko onse a m'njira pa inshuwalansi yanu yaikulu, ndipo mayina a maikowo alembedwe papepala. Mawu apakamwa a wogulitsa inshuwalansi sadzakuthandizani tsiku la ngozi.

10. Pa boda zimayenda bwanji, ndipo madobadoba ndiwagwiritse ntchito?

Mukangoima pa Zóbuè kapena pa Nyamapanda, injini musanazimitse n'komwe, anyamata atatu kapena anayi amakhala afika kale pawindo. Wina wanyamula mpukutu wa ndalama womanga ndi labala, wina wavala kabaji pakhosi kooneka ngati ka boma. "Bwana, bweretsani mapasipoti ndi Blue Book, inu khalani m'galimoto muzimwa madzi." Ayankheni mwaulemu kuti zikomo achimwene, tichita tokha. Pasipoti ndi Blue Book zisachoke m'manja mwanu kupita kwa munthu amene sali kuseri kwa kauntala.

Ndondomeko yake imafanana paliponse. Mumayamba kwa a zolowa ndi kutuluka, aliyense wa m'galimoto kukaonekera yekha ndi pasipoti yake. Kenako dalaivala amapita kwa a kasitomu kukatenga TIP. Kenako malipiro: inshuwalansi, msonkho wa utsi ku Zimbabwe ndi ku Zambia, ndalama ya msewu. Kenako apolisi kapena a kasitomu amabwera kudzaona galimoto ndi katundu. Pamaboda ambiri amakupatsani kapepala ka pageti komwe ofesi iliyonse imadindapo, ndipo mlonda wa pageti sakutsegulirani ngati chidindo chimodzi chikusowa. Chilichonse chimene mwalipira, landirani lisiti yake.

Dobadoba sachita chilichonse chimene inu simungathe. Ena amathandizadi kuloza zitseko, koma ena amakugulitsani inshuwalansi yabodza, kapena kukutchulirani mtengo wowirikiza kawiri n'kudya yapamwambayo. Choopsa koposa ndi chidindo chabodza m'pasipoti, chifukwa womangidwa ndi mwini pasipoti. Mukasokonezeka, funsani ofisala wovala yunifolomu kapena dalaivala wa thiraki wa kwathu, amene amadutsa pamenepo mwezi ndi mwezi.

Beitbridge imagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo mbali ya Zimbabwe inamangidwanso moti magalimoto aang'ono, mabasi ndi mathiraki ali ndi malo osiyana. Pali ndalama yolipira podutsa pamenepo. Maboda enawo konzani zofikapo dzuwa lili pamutu.

11. Ndinyamule ndalama zanji?

Kwacha yathu imathera pa Zóbuè, pa Calómuè kapena pa Mwami. Kupitirira apo palibe amene angailandire. Ku Zimbabwe, ngakhale anakhazikitsa ndalama yawo ya ZiG mu Epulo 2024, mlendo amalipira pafupifupi chilichonse ndi madola a ku America. Nyamulani ang'onoang'ono, a 1, 5, 10 ndi 20, osang'ambika, chifukwa chenji chimavuta pa ma toll gate. Ku Mozambique mufunika ma metical ochepa olipirira pa mlatho wa Tete ndi zina zapanjira. Ku Zambia ndi kwacha yawo, ku Botswana ndi pula, ku South Africa ndi randi. Pa N1 pali ma toll gate angapo, monga Baobab, Capricorn, Nyl, Kranskop ndi Carousel, ndipo randi ya m'manja ndi imene siikukhumudwitsani. Lamulo la ku South Africa limaika malire pa ndalama za randi zimene munthu angalowe kapena kutuluka nazo popanda chilolezo.

Tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira m'mabanki mwathu, ndiye yambani kuzifunafuna miyezi iwiri ulendo usanafike, ndipo sungani malisiti a kubanki kapena ku bureau. Khadi ya Visa kaiuzeni banki kuti mukupita nayo kunja, mufunsenso malire a ndalama zimene ingatulutse. Musadalire khadi yokha.

Osintha ndalama a pa boda ali ndi manja othamanga. Ngati mwakakamizika kusintha kwa iwo, sinthani zochepa, werengani zawozo muli nazo m'manja mwanu, ndipo mukapereka zanu musalole kuti azitengenso zija "kuti awerengenso bwino". Ndalamazo muzigawe, zina m'thumba, zina kwa mayi a kunyumba, zina pobisika m'galimoto. Mitengo ya malipiro a pa boda imasinthasintha, ndiye funsani munthu amene wadutsa mwezi womwewo, ndipo pa chiwerengero chake muikepo ina yapadera.

12. Mafuta ndiwerengere bwanji?

Yezani galimoto yanu musananyamuke. Ngati imayenda makilomita 10 pa lita, njira ya ku Tete ikudyerani malita 175 mpaka 185 kupita kokha, ndipo ya ku Kazungula pafupifupi 250. Galimoto yodzaza anthu ndi katundu padenga imamwa kuposa pamenepo.

Thanki ikafika theka, thirani pa filling station yoyamba yooneka bwino. Malo odalirika ndi Tete, Harare, Masvingo ndi Musina, kapena Chipata, Petauke, Lusaka, Livingstone, Kasane, Nata ndi Francistown. Kuchoka pa Kazungula kukafika ku Nata ndi makilomita pafupifupi 300 a tchire, nyamukani thanki ili yodzaza. Mafuta a m'mabotolo a m'mbali mwa msewu apeweni. Pobwerera, thirani modzaza pa Tete kapena pa Chipata, chifukwa simudziwa ngati kwathu mukapeze mizere. Zigubu zodzaza mafuta zimabweretsa mafunso kwa a kasitomu, komanso m'galimoto ya ana si zinthu zoyenda nazo.

13. Galimoto ndiikonze chiyani, ndipo m'buti mukhale chiyani?

Sevisi ichitike sabata ziwiri ulendo usanafike, kuti muyende nayo kaye m'tauni muone ngati makaniko sanasiye kanthu kosamanga. Aone mabuleki, rediyeta ndi mapaipi ake, malamba a injini, batire, magetsi ndi mawaipa. Matayala ndiwo a kuwaonetsetsa. Matayala a kaunjika amene amapirira mu Lilongwe amaphulika pa tala wotentha wa ku Changara. Sipeya ikhale ndi mpweya, jeki ndi sipanala muziyese pakhomo.

Zimene apolisi amafunsa ndi izi: ma triangle awiri, jekete yonyezimira, chozimitsira moto chosatha masiku, timapepala tonyezimira toyera kutsogolo ndi tofiira kumbuyo, ndi chomata cholembedwa MW kumbuyo kwa galimoto. Ku Mozambique amalimbikira za jekete ndi ma triangle, ku Zimbabwe za chozimitsira moto ndi zonyezimira. Jeketeyo ikhale m'kati pofikira dzanja, osati pansi pa masutikesi. Onjezerani tochi, chingwe chokokera, mawaya a batire, oyilo ndi madzi okwanira anthu ndi injini yomwe.

14. Bwanji ndingoyenda usiku, kukuzizira komanso msewu uli phee?

Pa mafunso onse, ili ndi limene ndimayankha mosanyengerera: musayende usiku. Pakati pa Masvingo ndi Beitbridge ng'ombe ndi abulu zimagona pamsewu. Pakati pa Kazungula ndi Nata pamadutsa njovu, ndipo njovu usiku siioneka mpaka mutaifika. Pa Great East Road, msewu wa ku Chipata mpaka Lusaka, makamaka m'mapiri oyandikira mlatho wa Luangwa, mumakumana ndi thiraki yofera pakona, chizindikiro chake nthambi zamasamba zoyala pamsewu. M'midzi ya ku Tete njinga ndi njinga zamoto zimayenda opanda nyali. Kufupi ndi Pretoria achifwamba amatchera zitsulo zobowola matayala pamsewu usiku, n'kudikirira amene aime.

Phiri la pakati pa Musina ndi Louis Trichardt lili ndi makona oopsa. Ndi pamenepo pamene basi inagwera kuphedi mu Okutobala 2025 n'kupha anthu oposa 40 a ku Zimbabwe ndi a kwathu ku Malawi.

Palinso tulo. Munthu amene waima maola anayi padzuwa pa boda amakhala watopa kuposa mmene akudzimvera. Nyamukani kukuyera, pumani maola awiri kapena atatu aliwonse, ndipo pofika 5 koloko madzulo mukhale mukufunafuna pogona pomwe pali mpanda ndi mlonda. Ngati mungapeze dalaivala wachiwiri, mutengeni, ndipo dzina lake lilembedwe pa kalata za pa funso 7 ndi pa inshuwalansi.

15. Apolisi a pamsewu ndithane nawo bwanji?

Chepetsani liwiro mukamalowa kamudzi kalikonse. Ku Mozambique chikwangwani cha 60 chimatha kukhala pamalo pomwe pali nyumba zitatu zokha, ndipo apolisi a malaya oyera amakhala pamthunzi patsogolo pake ndi kamera. Ku South Africa ndi ku Botswana misewu ikuluikulu imalola 120, m'matauni 60. Aliyense amange lamba, a kumbuyo omwe.

Akakuimitsani, tsitsani galasi, zimitsani wailesi, perekani moni. Ku Mozambique "bom dia" kapena "boa tarde" amafewetsa nkhope. Akati "carta" akufuna laisensi, "livrete" ndi Blue Book, "multa" ndi chindapusa, "recibo" ndi lisiti. Ngati mwalakwadi, lipirani ndipo mulandire lisiti. Ngati simunalakwe, khalani odekha, onetsani mapepala, musakweze mawu. Wapolisi wofuna ya fanta amadalira kuti inu mukufulumira, ndiye akaona kuti muli ndi nthawi komanso mapepala ali bwino, amakuuzani kuti pitani. Chiphuphu ndi mlandu kwa wopereka yemwe, ndipo ku Botswana kungoyerekeza kupereka kukhoza kukugonetsani m'chitokosi.

16. Mwezi wabwino woyenda ndi uti?

Meyi mpaka Ogasiti. Mvula kulibe, ku Tete kumapiririka, ndipo maboda sadzaza. Tengani majuzi, chifukwa Juni ndi Julayi ku Johannesburg kumazizira kuposa ku Dedza. Okutobala ndi Novembala ku Tete kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo injini zofooka zimawira. Januwale mpaka Malichi ndi nthawi ya mvula ndi anamondwe, monga tinaonera ndi Freddy mu 2023, ndipo Limpopo akasefukira boda ya Groblersbrug imatsekedwa.

Ngati tchuthi chanu ndi cha Disembala basi, pewani masiku oyandikira Khirisimasi popita kumpoto, ndi sabata yoyamba ya Januwale pobwerera kummwera. Pasaka nayenso amadzaza. Mverani nkhani za maiko a m'njira: zipolowe zimene zinatsatira chisankho cha ku Mozambique cha Okutobala 2024 zinatseka misewu kwa masiku, ndipo ambiri anapulumukira njira ya ku Zambia.

17. Ndingawatengere abale usipa, ufa ndi mpunga wa Kilombero?

Aliyense wopita ku Joni amatumidwa zimenezi. Dziwani kuti South Africa imaletsa kulowetsa nyama, zipatso, mbewu ndi zomera popanda chilolezo, ndipo kuchokera pamene bungwe la Border Management Authority linayamba ntchito mu Epulo 2023, kusecha kunakula. Nsomba zouma ndi nyemba zikhoza kulandidwa. Nyamulani zochepa zooneka kuti n'zakudya pakhomo, zinenereni poyera akakufunsani, ndipo musaike mtima wonse pa izo. Ku Botswana kuli mageti a zaziweto oteteza matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Nyama yaiwisi amalanda, ndipo nthawi zina amakutsitsani kuti mupondetse nsapato zonse m'mankhwala.

Mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV akhale m'mabotolo ake, pamodzi ndi buku la kuchipatala. Chamba musayerekeze n'komwe. Zoti ku South Africa khoti linalola munthu kusuta kunyumba kwake mu 2018 sizikukhudza wodutsa nacho pa boda.

18. Ndingatengeko anthu kapena katundu wa ena kuti andithandize mafuta?

Katundu wa munthu wina mutseguleni pamaso pake musanamukweze, ngakhale wotumizayo ali wa kumpingo kwanu. Chopezeka m'galimoto ndi cha dalaivala.

Kunyamula anthu olipira ndi bizinesi yofuna chilolezo chake, ndipo inshuwalansi ya galimoto ya banja ikhoza kukana kulipira ngozi itachitika. Munthu wopanda pasipoti, kapena wa pasipoti yopitirira masiku, musamukweze ngakhale akhale mwana wa amalume. Apolisi a njira ya ku Tete amaitenga nkhaniyi mwamphamvu, makamaka chichitikireni zija za mu Malichi 2020, pamene anthu 64 a ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena ya thiraki m'chigawo chomwecho. Mlandu wake ndi wozembetsa anthu, ndipo galimoto imalandidwa.

19. Foni ndi mapu zikagwira ntchito?

Roaming ya Airtel kapena TNM imadya mayunitsi msanga, koma itseguleni kuti muzilandira mauthenga a kubanki. Tsitsiranitu mapu a njira yonse pa Google Maps muli pa intaneti ya kunyumba. Kumene mukakhalitse gulani simu ya komweko, pasipoti ili m'manja. Manambala ofunika alembeninso papepala, ndipo wina kunyumba azidziwa pamene mwagona tsiku lililonse.

20. Galimoto ikafa kapena ndikachita ngozi kunja, nditani?

Ikafa, ikankhireni kunja kwa msewu, ikani ma triangle kutsogolo ndi kumbuyo, valani jekete, ana atsike akhale kutali ndi tala. Makaniko wa m'mbali mwa msewu mugwirizane naye mtengo asanagwire sipanala, ndipo chitsulo chimene wachotsa akupatseni. Zipangizo za Toyota zimapezeka pafupifupi tauni iliyonse ya m'njiramo, pomwe za magalimoto ena mpaka ku Harare, Lusaka kapena Polokwane. Ngati kukonza kutenga masiku, pitani ku ofesi ya kasitomu ndi ya zolowa ndi kutuluka mukawonjezere masiku asanathe, monga tanenera pa funso 4 ndi 8.

Pangozi, thandizani ovulala, itanani apolisi, jambulani zithunzi magalimoto asanasunthidwe, ndipo musachoke opanda lipoti la apolisi, chifukwa popanda ilo inshuwalansi silipira. Musasayine pepala la Chipwitikizi limene simukulimva. Malawi ili ndi maofesi a kazembe ku Harare, Lusaka, Maputo ndi Pretoria, komanso maofesi aang'ono ku Tete ndi ku Johannesburg. Amenewa ndi amene angakuthandizeni pasipoti ikatayika kapena wina akamangidwa.

21. Ndili ku Joni, galimoto yanga ndi ya nambala ya konkuno. Ndingapite nayo kumudzi n'kukaisiya?

Kupita nayo n'kotheka, ndipo zonse zili pamwambazi zikukukhudzani, kungoti chomata chanu ndi ZA ndipo m'malo mwa Blue Book munyamula pepala la umwini la ku South Africa. Ngati ili pa ngongole, banki ikupatseni kalata yoloza maiko onse mpaka Malawi. Pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Mchinji a MRA adzakupatsani TIP ya masiku owerengeka, ndipo mudzafunika inshuwalansi yogwira ntchito m'Malawi. Masiku akamatha inu mukadali kumudzi, pitani ku ofesi ya MRA mukapemphe kuwonjezera tsikulo lisanakwane.

Kuisiya ndiye nkhani ina. Galimoto ya pa TIP simungaigulitse, simungaisiyire mng'ono wanu kuti aziyendetsa ngati takisi, ndipo a MRA akaipeza masiku atatha amailanda. Ngati cholinga n'choti ikakhale ku Malawi, yambirani ku South Africa komweko: kalata ya apolisi yotulutsira galimoto, mapepala a kasitomu, ndipo mukafika mulipire msonkho n'kuilembetsa ku Road Traffic kuti ilandire nambala ya kwathu. Amene akubwerera kudzakhazikika ali ndi ndondomeko yawoyawo ya msonkho, yomwe imayang'ana nthawi imene munthu wakhala kunja ndi nthawi imene galimotoyo yakhala m'dzina lake. Lemberani a MRA mufunse zimenezi galimoto ikadali ku Joni.